Njinga Yopanda Katundu

Kwathu kuno njinga siyenda chabe. Ikatuluka pakhomo ndiye kuti pali thumba la chimanga lopita kuchigayo, wodwala wopita kuchipatala, kapena mbuzi yomangidwa pa kaliyala ulendo wa kumsika wa Songani. Ndiye mukauza anthu kuti Loweruka mukufuna kukangopalasa, opanda katundu, opanda wokamuona, akuyang'anani ngati mutu wayamba kusokonekera. Komabe ndikukupemphani, inu amene mukuwerenga izi pafoni, kuti muchite zimenezo kamodzi kokha, Seputembala uno asanathe. Ngati njinga mulibe, bwerekani. Wakabaza wa pasiteji yanu sangakane mutagwirizana naye ndalama ya tsiku lonse.

Ndikunena mwezi uno chifukwa ndi pamene dziko lathu limadzuka. Kusukulu anatiphunzitsa kuti nyengo ya mphukira ndi ya ku Ulaya, koma nafenso tili nayo, kungoti yathu imabwera ndi fumbi. Chisanu cha Juni ndi Julaye chapita, chiperoni chaleka, ndipo dzuwa loswa mtengo la Okutobala silinafike. Mvula kulibe ndi dontho lomwe, koma mitengo ya mombo m'mbali mwa phiri yatulutsa masamba atsopano, ofiira psuu, ena ofiirira ngati dothi la katondo. Mango ayamba timango tating'ono. Jakaranda wa m'tauni akuwaza maluwa ake pamsewu. Mtengo umaphuka usanaone mtambo, ndipo ine chaka chilichonse zimenezi zimandidabwitsabe.

Nyamukani kusanatenthe, cha m'ma 5 koloko. Popani matayala, thirani kamafuta pa tcheni, ndipo koposa zonse yesani mabuleki, chifukwa madzulo moyo wanu udzakhala pa timphira tiwiri timeneto. Tengani madzi, pampu ndi zomatira chubu. Kaya muchokera ku Mpondabwino, ku Matawale kapena ku Chinamwali, lunjikani kumtunda. Apa m'pamene mudzadziwe kuti Zomba anamangidwa pachitunda. Pa minibasi simungazindikire, koma ntchafu sizinama.

Mudzadutsa nyumba zakale za boma, za njerwa zofiira ndi makhonde aakulu. Mpaka 1975 likulu la dziko linali pano, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Lero malowa ali zii, mumangomva mbalame za m'munda wa maluwa ndi mtsinje wa Mulunguzi ukuwomba m'miyala. Usungeni m'mutu mtsinje umenewu, mukakumana nawonso pamwamba.

Tsono msewu ukayamba kukhotakhota, mudzatsika ndi kuyamba kukankha. Musachite manyazi, aliyense amakankha. Ubwino wake ndi woti pa liwiro limenelo simungamudutse munthu osamupatsa moni. Wa pagalimoto amaliza hutala, wa panjinga amati "mwadzuka bwanji". Ena adzakuyankhani m'Chiyao, ena m'Chichewa, ndipo pafupifupi onse adzawonjeza funso lomwelo: "Nanga ulendo wa kuti?" Mukati mukungoyenda, adzaseka. Asiyeni aseke.

Anthu amene mudzakumane nawo nthawi imeneyo akutsika, inu mukukwera. Amayi asenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akuyenda mothamanga pang'ono chifukwa katundu wotere salola kuyenda pang'onopang'ono. Pambuyo pawo pakubwera njinga. Ndati njinga, koma poyamba mudzangoona mulu wa nkhuni ukuyenda wokha, wautali kuposa munthu woimirira. Mwini wake ali pambali, wagwira mahandulo ndi manja onse, thupi walibweza m'mbuyo, mapazi akukhwekhwereza pa tala. Njinga imeneyo siyokwera. Zina zilibe ndi tcheni chomwe, zina mapedulo anachoka kalekale. Masipoko ndi owirikiza, kaliyala ndi wowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba.

Tsiku lina ndinapuma pakona limodzi ndi bambo wina wa nkhuni, wamkulu ndithu, wa imvi za apo ndi apo. Anatsamiritsa katundu wake pachigumula cha msewu n'kuyang'ana njinga yanga ya magiya, kenako ine.

"Achimwene, katundu mwasiya kuti?"

"Ndilibe, bambo. Ndikungopita kukaona phiri."

"Kukaona phiri? Si ili ndanyamulali?"

Tinaseka tonse awiri, ndipo tinagawana nthochi. Anandiuza kuti ananyamuka kwawo tambala woyamba asanalire, ndipo kuti masiku ano nkhuni zili kutali kusiyana ndi mmene ankayamba ntchitoyi. Sanadandaule, amangofotokoza ngati mmene munthu amafotokozera mtengo wa sopo. Atapuma anadzutsa katundu wake n'kumapita, nsapato zake za matayala zikulira pamsewu.

Mawu akewo muwakumbukire mukafika pamwamba, chifukwa sanali nthabwala chabe. Mukadutsa pa Ku Chawe, mudzaona damu la Mulunguzi lili phee, madzi ake obiriwira ngati galasi la botolo. Madzi amene munasamba m'mawa, amene ophunzira a ku Chanco amamwa, amene amachapira zovala za odwala ku Zomba Central, amachokera apa. Kuchokera pamenepo tala amatha, ndipo mumalowa m'tinjira tafumbi ta m'nkhalango. Tinjira timeneti ndiye tokoma kupalasa. Pansi pali masamba a paini, matayala salira, mphepo ndi yozizira ngati ya m'mawa ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pa mathithi a Williams mutha kuvula nsapato ndi kuviika mapazi mpaka achite dzanzi.

Koma pitirirani pang'ono. Mthunzi udzangotha mwadzidzidzi, ndipo mudzapezeka pamtetete, zitsa zokhazokha mbali zonse, zina zakuda ndi moto wa chaka chatha. Paini ndi mtengo wodzala kuti udzadulidwe, palibe chachilendo pamenepo. Chovuta ndi pamene kudula kwathamanga kuposa kudzala, ndiponso pamene moto wa Seputembala ndi Okutobala wapsereza timitengo tomwe tinadzalidwa dzinja lapitalo. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Mvula imangotsetsereka ndi dothi lomwe, ndipo ife a chigawo cha kummwera sitifunika wotiuza zimene madzi otsika m'phiri amachita. Marichi wa 2023, nthawi ya namondwe Freddy, tinadzionera tokha.

N'zosavuta kuloza chala bambo wa nkhuni uja. Koma tafunsani kumene katundu wake amathera. Amathera pa mafuwa a m'Chikanda ndi ku Sadzi, pa chiwaya cha tchipisi chomwe mumadya masana, mu uvuni wa njerwa zomwe mukumangira nyumba yanu chilimwe chino. Magetsi akazima, tonse timatuluka panja kukayang'ana ngati wa nkhuni kapena wa makala wadutsa, ndipo akafika timanenerera mtengo mpaka atsitse. Iye amangonyamula. Oitanitsa ndife.

Musabwerere musanafike ku Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia, ndi ku Queen's View chapafupi pomwepo. Phirili pamwamba pake penipeni limapitirira mamita 2,000, ndiye dziko lonse lili kunsi kwa mapazi anu. Mwezi uno kumakhala utsi ndi fumbi, choncho Mulanje mwina mudzangomuona ngati chithunzithunzi. Koma nyanja ya Chilwa mudzaiona, yotuwa, chilumba cha Chisi chili pakati. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangodalira mitsinje yolowa monga Likangala ndi Domasi, yomwe imayambira m'mapiri omwewa. Inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo asodzi a ku Kachulu anayenda pansi pomwe ankapalasa bwato. Matemba a m'mbale mwanu ndi chitsa chimene mwatsamirapo njinga ndi nkhani imodzi.

Yang'ananinso tinjira tofiira tomwe tadula chigwa chonsecho kulowera ku Jali. Anthu ali m'minda, akusosa ndi kuunga mizere, kudikira mvula yomwe sanailonjezedwe ndi munthu. Kanjira kalikonse kali ndi kadontho kakuyenda, ndipo kadontho kalikonse ndi njinga yonyamula kanthu.

Potsika, imani pa anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Gulani masitiroberi kapena magalagadeya, ndipo ulendo uno musanenerere kwambiri. Kenako gwirani mabuleki onse awiri, osati akutsogolo okha, ndipo muzipumitsa kuti malimu asatenthe. Mtunda womwe unakudyerani mmawa wonse mudzautsika m'mphindi zochepa, mphepo ikukutulutsani misozi, kutentha kwa m'tauni kukukulandirani pang'onopang'ono pakona iliyonse. Mukapeza wa nkhuni kutsogolo, lizani belu patali ndipo mumupatse mpata waukulu. Iye sangaime msanga ngati inu.

Masamba ofiira a mombo sachedwa, pakangopita masabata ochepa amasanduka obiriwira, nyenje n'kuyamba kulira, utsi n'kukuta phiri mpaka chizimalupsa chidzagwe. Loweruka likubwerali likadali labwino. Ndipo dzinja likafika, mukamva kuti kuphiri akudzala mitengo, pa kaliyala wanu pamakwana mbande zingapo.