Miyezi itatu ya mabwato ouma ku Luangwa

Aliyense amene anayendapo pa mseu waukulu wa Kum'mawa adziwa fungo la pa mlatho wa Luangwa. Basi isanaime n'komwe, azimai amakhala atafika kale pa mazenera ndi nsomba zowamba. Koma ife podutsapo mwezi wa January tinapeza madengu ndi mphasa zokha, pakuti inali nyengo ya ciletso. Tinapatuka pomwepo ndi kutsata mseu wolowera kumwera, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 90, kufikira ku boma la Luangwa, kumene akulu-akulu amakuchulabe kuti Feira.

Dzinali ndi la Cipwitikizi, ndipo litanthauza msika. Pano ndi pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi. Munthu akaima pa dooko aona Zumbo wa ku Mozambique patsidya, ndi dziko la Zimbabwe kuseri kwa madzi a Zambezi. Kunsi kwake kuyambira nyanja ya Cahora Bassa, imene inadza ndi damu lomangidwa m'caka ca 1974. Kale pa msika uwu panali kudutsa minyanga ya njobvu ndi akapolo. Lero cuma cake ndi pende, mlamba ndi mceni.

Caka ciri conse, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, Boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'madambo ambiri a Zambia, mwa mphamvu ya lamulo la za nsomba la 1974 poyamba, ndipo tsopano la 2011. Cifukwa cake cimveka bwino. Madzi akayamba kudzala nsomba zambiri zimaswana, ndipo ukonde umene ugwira nsomba ya mazira ugwiranso zakudya za caka camawa. Ciletsoci cikhudzanso amalonda, popeza kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'madzi otsekedwa ndi mlandu. Za m'maiwe oweta ziloledwa, mwini wake akakhala ndi kalata ya a Dipatimenti ya Nsomba yonena kumene zacokera.

Mabwato tinawapeza atawakokera pa mtunda, ena atawabvundikira pansi pa mitengo, ana akusewera m'menemo. Ndipo apa ndi pamene tinayamba kulingalira za mwini bwato. Kumadera a mvula yabwino, msodzi akapacika ukonde amanyamula khasu, kotero ciletso cimampeza ali ku munda. Dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Mfumu Mphuka siliri tero. Ndi cigwa cotentha, mvula yake ndi yocepa ndiponso yosadalirika, ndipo cimanga cikati cacita bwino njobvu zimatha kucimariza usiku umodzi. Tsono miyezi itatu yopanda nsomba igwa pa nthawi yomweyo imene nkhokwe zatha, ufa wakwera mtengo ndipo ana afuna mayunifomu ndi makope a sukulu.

Msodzi wotere njira zimtsalira ziwiri, ndipo zonse ndi zowawa. Angathe kupalasa usiku mobisala, kuika moyo wake pakati pa mvuu ndi ng'ona, podziwa kuti akagwidwa adzalandidwa maukonde ndi kukaonekera ku khoti. Kapena angathe kukongola ufa ndi ndalama kwa wamalonda, napangana kuti adzabweza ndi nsomba madzi akatsegulidwa, pa mtengo umene wanena ndi wokongozayo. Ife tiona kuti njira yaciwiriyi ndiyo imadya munthu koposa, pakuti amene wamvera lamulo ndiye alowa m'ngongole, ndipo nsomba zimene wazisungira mtundu wonse zidzapindulira wina.

Nkhani iyi siiri ya kuno kokha. Ku Brazil, kuyambira m'caka ca 1991, boma limalipira asodzi ang'ono-ang'ono olembetsedwa ndalama za mwezi ndi mwezi pa nyengo ya ciletso, monga munthu amene waimitsidwa nchito popanda kulakwa. Thumba la dziko lathu mwina silingasenze katundu wotere lero, koma pali pomwe tingayambire. M'caka ca 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iri yonse, ndipo mbali ina ndi ya ngongole ndi mphatso kwa makopaletivu ndi magulu. Msodzi mmodzi payekha sangaitanidwe ku gome limenelo. Asodzi makumi awiri olembetsa kopaletivu angathe kupempha thandizo lokumbira dziwe, limene nsomba zake zigulitsidwa mwalamulo pa nthawi imene msika uli ndi njala ya ndiwo. Angathenso kupatula kangacepe pa malonda a September ndi October, madzi atacepa ndipo nsomba zikugwidwa, kuti mu January akongole ku thumba lao-lao. Tidziwa kuti kusunga ndalama pa dooko ndi kobvuta: imabwera madzulo, ndipo mowa uli pafupi.

Cinanso cimene citeteza thumba la msodzi womvera ndi kuti lamulo ligwire onse mofanana. Munthu sangapirire njala miyezi itatu akuona mnzake akukoka ukonde wa udzudzu m'mphepete mwa madzi, kusesa ndi tiana ta nsomba tomwe.

Tinacoka ku Feira m'mamawa dzuwa lisanapse. Pa khonde la nyumba ina madala awiri anali kusoka ukonde wong'ambika, pokonzekera tsiku la 1 March.