Mfundo ya Tsitsi pa Mutu wa Mwana Wathu

Kapepala kanabwera Lachitatu, kopindikapindika m'chola cha sukulu. Aphunzitsi analemba kuti atsikana onse amene adzavina ballet pa chikondwerero cha ufulu pa 24 October abwere atamanga tsitsi mfundo imodzi pamwamba pa mutu, imene eni ake amati bun. Losalala, lopanda mikanda, lopanda kanthu kolendewera.

Mwana wathu ali ndi zaka 8. Kuno ku Mulungushi ballet si gule amene tinakula naye. Ife tidziwa kumanga chitenje m'chiuno, ng'oma n'kuyamba. Koma iye chiyambire kupita ku holo ya tchalitchi Loweruka lililonse, amayenda chonyang'ama ngakhale pokatunga madzi.

Vuto linali tsitsi. Lake ndi lachilengedwe, lothithikana, loti ukangolitsuka limabwerera m'mutu. Anzathu oyandikana nawo anatilangiza msanga: "Gulani mankhwala owongolera m'tauni, mphindi zochepa chabe nkhani yatha." Tinatsala pang'ono kuvomera. Koma ambuya ake anavula duku natiwonetsa pamphumi pawo, pamene tsitsi linathothoka kalekale osameranso. Sanakambe zambiri. "Mwana uyu musamuwotche mutu chifukwa cha tsiku limodzi."

Tinayamba tafunsa aphunzitsi chifukwa chake cha lamulolo. Anatiyankha bwino. Wovina ballet akamazungulira, maso amayang'ana malo amodzi, kenaka mutu umatembenuka mwachangu kuti asachite chizungulire. Tsitsi lomasuka limamukwapula m'maso. Komanso mphunzitsi afunika kuona khosi ndi mapewa ngati zaima bwino. Apo tinamvetsa kuti chofunika n'chakuti tsitsi ligwire ndi kuchoka kumaso. Kuwongoka ngati la mzungu sikunali m'gulemo ayi.

Choncho tinabwerera ku nzeru za amayi athu. Tinalitsuka, n'kulidzoza mafuta, n'kulimanga vikuti ndi ulusi wakuda kuti litambasuke masiku awiri. Madzulo a pa 23 malaiti anapita, ndipo tinagwira ntchito ndi tochi ya foni. Tinamasula ulusi, n'kuluka mukule kuchokera pamphumi, m'mbali ndi kunkhongo, mizere yonse kukakumana pamwamba. Sokosi yakale tinaidula kuzala, n'kuipinda ngati nkhata, n'kulowetsamo tsitsi ndi kulifunditsa mozungulira. Mapini anayi, kaneti kakuda pamwamba, basi. Mfundo inaima bwino kwambiri moti tinajambula chithunzi.

Chithunzicho ndicho chinatitsegula maso. Nsidze za mwana zinali zitakwera ngati munthu wodabwa, ndipo khungu la m'mbali mwa mphumi linali litakokeka.

"Mami, chikuwawa?"

"Iyayi."

Koma misozi inali m'maso. Titamunyengerera anaulula kuti anaopa kuti akadandaula tidzati asakavine. Mwana anali wokonzeka kugona ndi mutu wowawa kuti asataye malo ake pamzere. Ife tinali kuteteza mutu wake ku mankhwala, koma tinali kuupweteka ndi zala zathu zomwe. Kukoka kotere kukachitika kawirikawiri kumazula tsitsi la pamphumi, ndipo mizu ikafa silimeranso. Tinamasula zonse n'kuyambanso, ulendo uno mofewa, tikusiya titsitsi tating'ono ta m'mphepete osatikakamiza. Tinamaliza usiku ndithu.

Pamene tinali kuluka kachiwiri tinamusimbira za Michaela DePrince, amene anabadwira ku Sierra Leone mu 1995. Ali kunyumba ya ana amasiye anatola magazini yokhala ndi chithunzi cha wovina ballet, ndipo atakula anakavina ndi Dutch National Ballet. Anamwalira mu 2024 akali wamng'ono. Tinamuuzanso kuti kwa zaka zambiri ovina akuda ankapaka okha utoto pa nsapato zawo kuti zifanane ndi khungu lawo, mpaka mu 2018 pamene kampani ya Freed of London, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black, inayamba kupanga zofiirira. Gule ameneyu akuphunzira pang'onopang'ono kulandira matupi ngati athu. Si mwana yekha amene ayenera kusintha.

M'mawa kunatentha monga kumachitira mu October, fumbi la Kabwe likuuluka pabwalo. Atsikana khumi ndi mmodzi anaima pamzere. Ena anali ndi tsitsi lowongoledwa, ena la wigi. Wathu anazungulira kawiri, kachitatu anapepesuka pang'ono n'kudzigwira. Mfundo sinagwedezeke.

Pobwerera amayi awiri anatiimitsa panjira kufunsa kuti tinamanga bwanji. Tinawauza za vikuti, za mukule ndi za sokosi. Koma choyamba tinawauza ichi: mukamaliza, muyang'aneni mwana pa nsidze, chifukwa pakamwa pake adzakuuzani kuti sichikuwawa.