NYAMA ZOTSALA M'NKHALANGO ZA PETAUKE NDI NYIMBA

Mlendo woyenda pa mseu wa Great East Road kucokera ku Petauke kupita ku Nyimba amaona minda ya cimanga, nshawa ndi thonje, ndiponso matumba a makala m'mbali mwa mseu. Nkhalango yatsala m'mapiri, m'manda ndi m'mphepete mwa mitsinje, apa kagawo, apo kagawo. Koma akapatuka ndi kutsikira ku cigwa ca Luangwa, m'dziko la Mfumu Luembe ndi Mfumu Nyalugwe, mitengo ya tsanya iyamba kuculuka, ndipo mapazi a njobvu aoneka pa mcenga. Kutsidya kwa mtsinjewo kuli malo osungira nyama ochedwa West Petauke.

Kodi nyama zotsala ndi zingati, ndipo ndi za mitundu yanji? M'caka ca 1978 a W.F.H. Ansell anasindikiza buku losonyeza kumene mtundu uliwonse wa nyama unapezeka m'Zambia. M'caka ca 2015 ndeke zinauluka kuwerenga njobvu, ndipo m'dziko lonse zinapezeka pafupifupi 22,000, zambiri mwa izo m'cigwa ca Luangwa.

Koma ndeke iona njobvu ndi njati cabe, ndi nyama zina zazikulu zoyenda poyera. Insa, mbawala, nungu, nguluwe ndi kambuku zibisala usana pansi pa mitengo. Cifukwa cace owerenga nyama amayenda pansi m'mizere yoongoka, namalemba mapazi ndi ndowe. Amamanganso pa mitengo makamera amene ajambula okha nyama ikadutsa, ngakhale usiku. Pa nchito yotere mkulu wa m'mudzi wodziwa phazi la insa ali wofunika monga munthu wa maphunziro.

Ciwerengero cimeneci cikhudza mudzi uliwonse. Ndico cithandiza a Dipatimenti ya Nyama kudziwa nyama zimene angalole alenje kupha pa caka, ndipo gawo la ndalama za malaisensi libwerera kwa anthu kupyolera m'mabungwe a CRB. Cisonyezanso njira zimene njobvu zitsata popita ku madzi, kuti mlimi asatsegule munda pa njira yao.

Msampha wa waya susankha nyama, ndipo lupsa la mu Okutobala silisiya pobisala. Kankhalango kamene katsala kuseri kwa mudzi ndiko mlatho wa nyama pakati pa phiri ndi mtsinje. Kakatha, ana adzamva za insa m'nthano cabe.