Kwa Achimwene: Musagwetse Mitengo ya Mphako

Achimwene,

Ndamva kuti komiti yanu ya nkhalango ya m'mudzi yagwirizana zogwetsa mitengo yokalamba ya kutsidya kwa dambo kuti mubzalepo bulugamu. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Anthu akufuna nkhuni ndi mitengo yomangira, ndipo bulugamu sachedwa kukula. Koma nkhwangwa isanalire, ndikupemphani muganizire mileme.

Kwathu mleme sukondedwa. Ukalowa m'nyumba usiku, ena amati watumidwa. Chonsecho kanyama kameneka kamatigwirira ntchito ife tili m'tulo. Mileme ing'onoing'ono ija imauluka pabwalo kukamachita chisisira imakhala ikusaka tizilombo, kuphatikizapo agulugufe ausiku amene mazira awo amaswa mbozi m'minda. Ikuluikulu yankhope ngati ya galu imadya zipatso. Imapsipa masuku n'kulavula njere, koma njere zing'onozing'ono ngati za nkhuyu imameza n'kukazitaya kutali. Ofufuza ku Ghana anapeza kuti mtundu wina wa mileme yotereyi ungathe kufikitsa njere pa mtunda wa makilomita 75. Mtundu womwewo ndi umene umasonkhana ku Kasanka, m'dziko la Zambia, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mamiliyoni angapo m'kankhalango kamodzi ka m'dambo, kutsata masuku ndi zipatso zina zam'tchire. Mikuyu yambiri imene timapumapo pobwera kudimba palibe munthu anaibzala.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti nyengo yayamba kale kupanikiza milemeyi. Mileme yambiri imabereka mwana mmodzi yekha pa chaka, ndipo yodya tizilombo imabereka kumayambiriro kwa dzinja, pamene ngumbi zikutuluka. Mvula ikachedwa, kapena ikagwa n'kudula ngati mmene inachitira mu 2024, mleme woyamwitsa umasowa chakudya, mwanayo n'kufa. Chaka chimenecho chapita padera. Kutentha nakonso kumapha. Mu Novembala 2018, kufupi ndi mzinda wa Cairns ku Australia, kunatentha kupitirira madigiri 42, ndipo mileme pafupifupi 23,000 ya mtundu umodzi inafa m'masiku awiri okha, ikuthothoka m'mitengo ngati mango akupsa.

Mvula simungailamule, Achimwene, koma nkhalangoyo ili m'manja mwanu. Pisani dzanja m'mphako ya muwanga wakale masana a mu Okutobala, mumve mmene mumazizirira. M'menemo, ndiponso kuseri kwa khungwa losendeka, ndi mmene mileme imabisala dzuwa ndi kulerera ana. Mtengo umatenga zaka zambirimbiri kuti uchite mphako, pamene bulugamu timamudula akadali wowongoka, wosalala, wopanda pobisala, ndipo alibe chipatso choti mleme udye. Tikagwetsa mitengo yakaleyo, mileme ina idzathamangira kudenga kwa sukulu ndi kutchalitchi, pansi pa malata otentha, ndipo anthu omwe aja adzayamba kudandaula fungo n'kuifukiza utsi.

Sindikuti musabzale bulugamu. Mubzaleni kumtunda kumene kunatha kale ndi makala, kutali ndi dambo. Koma misuku, mikuyu, miula ndi nyowe za m'mbali mwa mtsinje zisiyeni, pamodzi ndi mtengo uliwonse wa mphako, ngakhale wouma. Pa zitsa zimene zikuphukira patulirani mphukira, musazule. Za moto ndiye mukudziwa kuposa ine: kulambula malire ndi kutentha tchire msanga, udzu usanaumitsitse, kusiyana n'kudikira moto wa osaka mbewa wa mu Seputembala umene umalowa mpaka m'mphako.

Inu anthu amakumverani pa bwalo. Kugwetsa kusanayambe, tengani anyamata awiri ndi utoto, muike chizindikiro pa mitengo yosayenera kudulidwa, kenako mukawaonetse amfumu. Ndalama ya utoto nditumiza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu.