Ulemu wa Tsiku Limodzi

Kodi asilikali akale nkuwawerengera pamodzi ndi anthu osalidwa? Anzanga ambiri akuti ayi. Akuti munthu amene amamuimbira lipenga chaka ndi chaka mu Novembala, akuluakulu nkumaika nkhata zamaluwa pa chipilala cha Keyala ku Zomba, sangadandaule kuti anatayidwa. Ine ndikuti taimani kaye.

Ndinakulira ku Chipoka, pamene njanji imakumana ndi nyanja. Agogo anga aamuna anali a Keyala, ndipo anamenya nao nkhondo ku Burma mu 1944. Pobwerako anatsika sitima ali ndi mamendulo, jasi ndi chifuwa chosatha. Zaka zao zonse zotsala anathera m'bwato, kusaka usipa. Panalibe wowanyoza. Pamaliro ankawapatsa mpando, ndipo mudzi wonse unkawatcha "Asajeni" ngakhale udindowo sanaufike. Koma usiku akayamba kubwebweta ndi kukuwa kutulo, agogo aakazi okha ndiwo ankadziwa kuti kwa amuna ao nkhondo inali isanathe.

Tsono taonani mmene anawathokozera. Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 itatha, msilikali wamba wachizungu analandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira. Wakuda, wa udindo womwewo, masheleni 3 ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani sichinkasankha khungu, koma buku la malipiro linkasankha.

Komatu pansi pa a Keyala panali enanso. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondo ngati atengatenga, ambiri ochita kugwidwa m'midzi. Njala ndi kamwazi zinawagwetsa m'njira. John Chilembwe anali atachenjeza kale, m'kalata yake ya ku Nyasaland Times mu Novembala 1914, kuti amphawi akukafera nkhondo ya eni. Zinatenga mpaka 2021 kuti bungwe la Commonwealth War Graves Commission livomere kuti Aafirika zikwizikwi amene anafa sanakumbukiridwe mofanana ndi Azungu.

Nchifukwa chake sindiona asilikali akale ngati gulu limodzi. Mkulu wankhondo akapuma sasowa womumvera. Nanga msilikali wamba amene analondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, nabwerako ndi makutu ogontha ndi tulo tosagoneka, amamumvera ndani? Amene anali pansi ali mu yunifolomu amakhalabe pansi akaivula. Kusalidwa kwake nkwachilendo: sitimutukwana, timamuombera m'manja. Ndipo kuomba m'manjako ndiko kumatimasula, poti timapita kwathu tikuganiza kuti ngongole tabweza.

Kunyanja kwathu anyamata amavinabe beni. Wezulo, perete, sawasha, maudindo a kaputeni ndi sajeni, zonsezo tinatengera kwa asilikali, ndipo tazisunga bwino zaka zonsezi. Gule tinamusamala. Eni ake a pereteyo tinawasiyira akazi ao.