Kuzungulira Thumbi ndi Domwe pa bwato la matanga

Ana ambiri a Amalawi obadwira ku Chitungwiza, nyanja ya makolo awo amangoimvera m'nkhani za agogo. Amene adzafike ku Mangochi ayambire pamudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, pomwe kagulu ka alendo kamakwera catamaran, bwato la matanga looneka ngati mabwato awiri olumikizidwa, n'kuzungulira zilumba za Thumbi ndi Domwe.

Bwatolo limayenda mwakachetechete m'mbali mwa matanthwe. M'madzi oyera mbee, mbuna zabuluu ndi zachikasu zimadya ndere pamiyala. Woyendetsa akaimba mluzu n'kuponya kansomba, nkhwazi imatsika mumtengo kudzakatola.

Zilumbazi zili m'paki yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO idaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984. Kupha nsomba n'koletsedwa mpaka mamita 100 kuchokera kugombe. Choncho zimene mlendo akusirira ndi nsomba zomwe msodzi wa pa Chembe adalamulidwa kuzisiya. Madzulo mudzakumana naye akupalasa kulowera pakatikati pa nyanja, nyali zili m'bwato, kukafuna usipa. Musanalipire ulendowo, funsani kuti mwa ogwira ntchito m'bwatomo ndi angati a m'mudzimo, ndiponso kuti nsomba za nkhomaliro zagulidwa kwa yani.