Lamya Ikakhala Pakhutu, Khomo Likhale Chitsekere

Sabata ino tikambirane kanthu kooneka kochepa, koma kamene kanatsala pang'ono kundidanitsa ndi apongozi anga.

Bambo a kunyumba kwathu amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo amaimba lamya Lamulungu lililonse. Tsiku lina lamyayo inalira apongozi ali pakhonde. Ndinagwada n'kuwapatsira kuti amve mawu a mwana wawo. Atangopereka moni, zinthu zinasokonekera. Iwo ankamva mwanayo akufunsa kuti, "Amayi, muli pompo?" koma iye sankawamva, mpaka anadula. Apongozi anandiyang'ana nati, "Kodi mwaitani lamyayi kuti mwana wanga asandimve?" Usiku umenewo nsima sinadyeke.

Paja safunsa anadya phula. M'mawa ndinafunsa mwana wanga wamkazi, ndipo anandimasulira. Pamwamba pa galasi la lamya, pafupi ndi potulukira mawu, pali kadiso kamene kamazindikira kuti khutu layandikira. Pamenepo galasi limazima kuti tsaya lisakhudze mabatani, ndipo mukaichotsa pakhutu limayakanso. Apongozi anaigwira mopendeketsa, kadisoko sikanaone khutu, tsono tsaya linakhudza batani lotseka mawu. Dziwaninso kuti litsiro kapena chotetezera galasi chomatidwa molakwika chingaphimbe kadisoko. Zikatero galasi limakana kuyaka, inu n'kulephera kudula, mayunitsi ali kutha.

Phunziro lachiwiri ndi lokhudza ulemu wa banja. Lamya yokhoma ikalira, munthu aliyense angathe kuiyankha popanda nambala yachinsinsi. Zimene ayenera kuona ndi dzina la woimba, batani lodula, lotseka mawu ndi lokweza mawu basi. Akamaliza, lamya ibwerere pokhoma paja. Koma mukaitsekula nokha, n'kuimba, n'kubwereka mnansi, mwam'patsa kiyi wa kuchipinda: mauthenga a amuna anu, zithunzi, ndi uthenga wa ndalama zolowa pa Mpamba kapena Airtel Money. Ngati n'kotheka, uzani wofunidwayo kuti aimbe yekha, lamya ili chikhomere.

Chenjeraninso ndi batani la m'mbali. Pa iPhone limadula kukambirana mukalisindikiza lamya ili pakhutu, ngakhale kuti kuyambira mu 2022 pali njira yoletsera zimenezi. Pa Android zimadalira m'mene lamyayo inatcheredwera. Yesani yanu lero ndi mwana wanu, musadikire tsiku la uthenga wa matenda kapena wa maliro.

Lamulungu lotsatira ndinapukuta galasi, n'kukweza mawu, n'kuika lamya pamphasa. Apongozi anacheza ndi mwana wawo mpaka dzuwa kulowa, ndipo potsanzika anandisiyira nkhuku. Tsalani bwino, amayi, tidzakumananso sabata yamawa.